Nyumba Zimene Bambo Anazibisa mu Udzu

3 Novembala

Bambo, nyumba ikugwetsedwa pa 30 mwezi uno. Dzulo kunabwera anthu atatu a kukhonsolo ndi chitini cha penti wofiira. Chitinicho anachikoleka pa chitsulo chopindika chija timamangapo chingwe choyanikira zovala, kenaka analemba mtanda waukulu pakhoma, pafupi ndi zenera la chipinda chimene ndimagoneka mwana. Mpaka pano penti akununkha m'nyumba. Alemba nyumba zonse za kuseri kwa mlatho, kuyambira kwa atelala mpaka kumpopi. Akuti padutsa msewu waukulu.

Pepani ndayamba ndi zimenezi osapereka moni, mutu wanga suli m'malo. Muli bwanji kumeneko? Maso aja akukuvutanibe? Achemwali ndi ana ali bwanji? Ife kuno tilipo. Mdzukulu wanu wayamba kukwawa ndipo mano awiri atuluka, koma chifuwa sichikumuchoka.

Ndikudziwa kuti chichokereni kwanuko simunandilembereko, ndipo pamaliro a bambo a mwanayu munangotuma achemwali. Sindikudandaula. Munandiuza kuti nyumba ya kutauni ndiyisiye, ine ndinakanika. Koma ndi nyumba imene amayi anabadwiramo, ndipo pano ndi denga lokhalo limene mwanayu ali nalo, mvula ndi iyi yayamba.

Lero m'mawa tinapita kuofesi ya khonsolo, ine ndi atelala oyandikana nawo aja, mwana ali kumsana. Kalaliki wake ndi mayi wa magalasi, si munthu woipa, anatipatsa pokhala. Anati lamulo lili chonchi: ngati nyumba zinalipo mlatho usanatsegulidwe, ndiye kuti malowo ali ndi eni ake, msewu ukhotera mbali ina. Koma ngati zinamangidwa pambuyo pake, ndife olowerera, agwetsa basi.

Atelala anati, "Mayi, mlatho umenewo ndinauona akuumanga, ndili kamwana ka kabudula wong'ambika."

Mayiyo anati, "Ndakumvani bambo, koma akuluakulu safuna zakumva, amafuna zooneka."

Anatsegula kabati natulutsa mapu akale, chipepala chachikulu chodzadza tebulo lonse. M'makona anakhazika kapu ndi mabuku kuti chisapindike. Tinaona njanji, msika, mtsinje, mlatho. Pamene pali nyumba zathu panali timizere tating'ono titatutitatu. Nditafunsa, anati timeneto ndi chizindikiro cha udzu wa m'dambo. Atelala anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Kani ine ndine chule." Palibe anaseka.

Potuluka mayiyo anatiimitsa pakhonde la m'kati pamene anapachika zithunzi zakale za mzinda. Chachikulu koposa ndi cha tsiku lotsegulira mlatho. Pali mbendera, magalimoto awiri, azibambo a zipewa. Kumanzere, kumene kuli kwathu, kuli udzu wokhawokha mpaka kuphiri. Pansi pake analemba kuti apa ndi pamene mzinda unayambira, pamalo popanda anthu. Mayiyo anati chithunzi chomwecho chili m'mabuku a sukulu ndi pamakalendala, aliyense amachidziwa. Zoonadi, nanenso ndinachiona m'buku lathu la kupulayimale.

Bambo, pamenepo ndinaganiza za inu. Inu nthawi imeneyo munkagwira ntchito kusitudiyo yojambula zithunzi. Ndipo ndakumbukira mawu a amayi. Akamaseka ankakonda kunena kuti, "Ine ndili m'chithunzi cha mlatho, koma bambo ako anandibisa mu udzu." Ife ana tinkangoseka poyesa nthabwala. Inu simunkaseka, munkatuluka panja.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, za mapu sindizidziwa. Koma ngati m'bokosi lanu la zithunzi muli cha mlatho chimene chikuonetsa nyumba ngakhale imodzi, chonde mupatseni kondakitala wa basi ya m'mawa, amandidziwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ndalemba ngakhale simundiyankhula.

Ndine mwana wanu,
mzime.

8 Novembala

Mng'ono wanga,

Moni. Kuno tonse tilipo, kupatula alamu ako amene anagwa panjinga ndipo akubuula ngati aphwanyidwa ndi lole, chonsecho ndi bondo lokha lasupuka. Kalata yako inafika Loweruka. Kondakitala wakoyo anachita kuiponya pazenera basi ikuyenda, inagwera m'matope, ndinayamba ndaiyanika padzuwa.

Bambo saonanso zilembo, ndiye ndinawawerengera ineyo, kawiri. Anangofunsa kuti, "Chitsulo chopindika chija chikadalipo?" Ndinati mwana wanu walemba choncho. Analowa kuchipinda natseka chitseko. Ndinamva bokosi lachitsulo lija likukokedwa pansi pa bedi. Atatuluka anandipatsa phukusi limene ndakutumizirali, lokutakuta m'pepala labulauni, lomanga ndi ulusi. Anati, "Mpatse ichi. Pa ntchito zonse zimene manja anga anagwira, yoposa iyi palibe." Ndinafuna kusuzumira, anandiletsa, akuti zala zanga zamafuta. Ukuwadziwa ndi zithunzi zawo, amazigwira m'mbalimbali ngati mbale yotentha. Ndiye sindinatsegule, uona wekha.

Tsopano ndikuuze zanga monga mkulu wako. Iwe makani unabadwa nawo, ukadali khanda unkakana bere lakumanzere. Nyumba ndi njerwa chabe. Zikakanika, longedza ubwere, chipinda chako chija ndasungiramo matumba koma ndichotsa tsiku limodzi. Mwana wachifuwa sagona panja chifukwa cha mapu. Upite naye kuchipatala, usadikire mawa.

Undilembere msanga kuti zatha bwanji. Ndili ndi chikhulupiriro, chifukwa bambo sanatulutsepo kanthu m'bokosi limenelija kupatsa munthu.

Mkulu wako.

12 Novembala

Achemwali,

Moni, ndipo alamu muwapepese. Phukusi lafika Lachinayi. Bola likanagwera m'matope momwemo.

Ine chitsiru ndinali nditauza kale anthu kuti bambo anga ali ndi umboni. Ndiye nditafika nalo, onse anasonkhana pakhonde la atelala, mpaka mayi wogulitsa makala anasiya malonda ake. Atelala anapukuta tebulo lodulirapo nsalu, anadula ulusi ndi sizasi yawo, anafunyulula pang'onopang'ono. Achemwali, ndi chithunzi chomwe chija cha kuofesi. Mlatho, mbendera, udzu. Nyumba palibe ngakhale imodzi.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma mayi wa makala anachitembenuza. Kuseri kuli chidindo cha situdiyo, ndipo pansi pake pali dzanja la bambo, ndikulidziwa, zilembo zopendekera zija. Analemba kuti, "Ndakonza ndine," kenaka dzina lawo ndi tsiku. Mayiyo anawerenga mokweza kuti aliyense amve. Anandiyang'ana nati, "Anakonza chiyani bambo akowo? Mlatho unali wothyoka?" Anati, "Kani njoka tikuwotha nayo dzuwa limodzi."

Atelala anavula magalasi. Anakutanso chithunzicho bwinobwino monga chinabwerera, nandipatsa m'manja. Anati, "Mwanawe, ichi usapite nacho kuofesi. Chingakhale msomali womaliza." Sanandikalipire, koma makina awo sanalire tsiku lonse.

Kuyambira pamenepo kumpopi palibe wondipatsa moni. Dzulo ndinasiya ndowa yanga pamzere kuti ndikayamwitse mwana, pobwerako ndinaipeza yagubuduzika m'ngalande. Ndinaitola n'kubwerera nayo kunyumba.

Muwafunse bambo, ndinawalakwira chiyani chachikulu chotere? Ndinapempha chithunzi choonetsa nyumba, anditumizira chotigwetsera nyumba, ndiponso chosainidwa kuti mzinda wonse udziwe kuti ndine mwana wa ndani. Ngati ndi chilango chifukwa ndinakwatiwa ndi woyendetsa lole amene iwo sankamufuna, munthuyo ali m'manda, akufunanso chiyani? Mwanayu ndiye walakwa chiyani? Muwawerengere mawu onsewa, musadumphe ngakhale amodzi powamvera chisoni.

Za kubwera kumeneko musandiuzenso. Mukuti njerwa chabe. Pakhomo la kuchipinda pali pamene amayi ankanolera mpeni, njerwa inachita kulowa m'kati. Ndikamadutsa ndimaikapo dzanja. Ndikachoka pano, buku likuti sanakhaleko, mapu akuti sanakhaleko, ndiye atsala kuti?

Mathirakitala awiri achikasu afika kale, awaimika kumapeto kwa msewu. Ana akusewera pamatayala ake. Kuchipatala ndinapita, andipatsa mankhwala a madzi, akuti ndisamugoneke pachinyezi.

Mng'ono wanu.

16 Novembala

Mng'ono wanga,

Moni. Kalata yako ndinawawerengera yonse monga unanenera. Pa nkhani ya ndowa anandiuza kuti ndibwereze. Tsiku limenelo sanadye. Lero m'mawa andiitana kuti nditenge cholembera. Mawu otsatirawa ndi awo, ine ndangobwereka dzanja.

Mwana wanga,

Mwamuna wako ndinalibe naye chidani. Anali munthu waulemu. Chimene ndinkaopa si iye, ndi nyumbayo. Khala pansi umve.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mwini situdiyo ndiye ankajambula, ine ndinkatsuka zithunzi m'chipinda chamdima. Ataona kuti dzanja langa silinjenjemera, anandiphunzitsa kukonza. Kukonza ndiko kuchotsa chiphuphu pa tsaya la mkwatibwi, kuwongola kolala yopindika, kufafaniza ntchentche yotera pa jekete. Timachita ndi kaburashi ka tsitsi lowerengeka, tikuyang'anira pa galasi lokulitsa. Lamulo lake linali limodzi: mmisiri satulutsa pakhomo chithunzi chosakonza.

Tsiku lotsegulira mlatho ine ndinanyamula miyendo ya kamera. Chithunzi chitatuluka m'madzi, kumanzere kunali nyumba khumi ndi imodzi, utsi, nkhuku, zovala pachingwe. Amene anachiitanitsa ankafuna kuchitumiza kunja kuti anthu aone mzinda watsopano. Anati tinyumbati tikuipitsa. Abwana anandiyang'ana nati, "Konza."

Ndinakhalira masiku atatu. Ndinkatengera udzu wa kumanja, ndikuulemba kumanzere, tsamba limodzilimodzi. Nditamaliza tinajambulanso chithunzi chopentedwacho kuti tipeze filimu yatsopano, ndipo zonse zimene waona m'mabuku ndi pamakalendala zinabadwa kwa imeneyo. Filimu yoyamba abwana anaidula ndi sizasi. Patapita miyezi kunabwera anthu oyeza malo kudzagula chithunzicho. Iwo ankalemba nyumba za manambala zokha, ndipo kutsidya sanafune kuwolokerako chifukwa cha matope. Anayang'ana udzu wanga, naukopera pamapu awo. Ndinawaona ndi maso angawa, ndipo ndinanyada, poti ngakhale anthu ophunzira sanazindikire.

Koma ndibwerere ku tsiku lachitatu. Nyumba zonse zinali zitatha, kunatsala munthu mmodzi. Mtsikana pa nyumba yachitatu, manja ali m'mwamba, akuyanika nsalu pachingwe chomanga ku chitsulo chopindika. M'mawa wonse ndinangomuyang'ana pagalasi. Kenaka ndinayamba ndi mapazi, diresi, manja. Nkhope ndinamalizira. Lamulungu lotsatira ndinawoloka mlatho kukaona ngati analidi munthu. Ndinamupeza pachingwe pomwepo. Anati, "Mukufuna ndani?" Ine ndinati, "Ndikufuna madzi akumwa." Anandipatsa. Ndi amayi ako.

Ndisanayambe kupenta ndinali nditatsuka chithunzi china mobisa, chaching'ono, chosakonza. Ndachisunga zaka makumi anayi ndi mphambu. Za udzuwo amayi ako ndinawauza mkulu wako atabadwa. Iwo anaseka, naisandutsa nthabwala. Ine sindinathe. Ndinawachotsa kutauni, ndipo iwe ndinakuletsa nyumbayo, chifukwa ndinkadziwa kuti papepala kulibe, ndipo tsiku lina wina adzakhulupirira udzu wanga. Mlandu suwola.

Wafunsa chifukwa chimene ndinakutumizira chokonzedwa. Ndinagwira zonse ziwiri m'manja. Ndinadziuza kuti mmisiri satulutsa chosakonza, ndipo dzanja linamvera lamulo lakale. Limenelo ndi theka la choonadi. Theka lina ndi lakuti m'chinacho muli amayi ako asanadziwe kuti kunja kuno kuli ine. Maso anga saonanso nkhope yawo, koma chala changa chimadziwa pamene aima. Ndinaumira, mwana wanga. Ndinasunga wakufa, ndikutaya wamoyo. Zoti kuseri ndinasaina ndinali nditaiwala. Ndikhululukire chifukwa cha ndowa ija.

Chosakonzacho ndi chimenecho, mkulu wako wachiika pakati pa makatoni awiri. Uchigwire m'mbali. Ukawaonetsa akuluakuluwo, undibwezere. Kutauni sindingabwere. Ndilibe nkhope yoonetsa anthu amene ndinawafafaniza.

Bambo ako.

Ndine mkulu wako ndikupitiriza. Ulendo uno ndasamba m'manja ndipo ndayang'ana. Iwe, mtsikana wa m'chithunzimo ndi iweyo ndendende, mpaka kaimidwe kamakani kaja. Ndalira mpaka alamu ako aiwala bondo lawo. Bambo akhala pampando wawo, bokosi lili pamiyendo, chala chikungoyenda pa malo opanda kanthu.

21 Novembala

Achemwali,

Moni. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi chilembereni, yankho palibe. M'mawa uliwonse ndikumapita kudepoti, mwana kumsana. Kondakitala uja sakuoneka, basinso yabwera ina, akuti ija inawonongeka panjira.

Kapena bambo akwiya ndi mawu anga aja? Ndinalemba ndi mtima wowawa. Ngati ndinapyola malire muwapepese. Koma ngati mwagwirizana zonditaya, ingondiuzani, ndisamathere mapazi kudepoti.

Mpopi autseka Lachisanu, akuti mapaipi ali m'njira ya msewu. Madzi tikukatunga kutsidya. Banja la kumapeto lazula kale malata ndi zitseko, nyumba yangoti yasa ngati chigaza. Usiku wapitawu mvula inagwa ndipo khoma la mtanda lija lanyowa, penti watsetsereka mpaka pansi. Mwana akutsokomola mpaka kusanza.

Kwatsala masiku asanu ndi anayi. Ndilembereni, ngakhale mzere umodzi.

Mng'ono wanu.

25 Novembala

Bambo,

Moni, inu ndi achemwali ndi onse. Amene wakupatsani kalatayi ndi atelala. Musadzidzimuke, muwapatse pokhala. Atseka makina awo kuti abwere okha, chifukwa za makondakitala tatopa nazo. Kalata yanu ya pa 16 yandipeza dzana. Inagona sabata yathunthu pansi pa mpando wa basi yakufa ija, anaipeza ndi amakaniko. Ya pa 21 ija ndinalemba ndisanaione, achemwali aiponye pamoto.

Ndinawerenga nditaima pakhomo. Kenaka ndinasamba m'manja, ndinatsegula makatoni. Bambo, ine amayi ndimawadziwa ali otopa, ali ndi imvi, ali pabedi la kuchipatala. Sindinkadziwa kuti anakhalapo aang'ono kuposa ine. Ndinatuluka panja, ndinaima pamene anaimapo. Chitsulo ndi chomwecho, kupindika kwake komweko. Za kukhululuka musafunsenso. Ndowa ndinaitsuka, ili bwino.

Ndinapita nacho kwa atelala ndekha, osaitana anthu. Anatenga galasi limene amalowetsera ulusi pa singano, anawerenga nyumba ndi nsonga ya choko osakhudza pepala. Khumi ndi imodzi. Atafika pa yachiwiri anaima. Pakhonde pali bambo wakhala kuseri kwa makina osokera, ndipo pambali pake kamwana ka kabudula. Atelala anakhala pansi. Anati, "Bambo anga sanajambulitsepo chithunzi moyo wawo wonse. Nkhope yawo inali itayamba kundithawa." Ndinawawerengera kalata yanu yonse, pepani, ndinaona kuti ndi yawonso. Nditamaliza anati, "Ndiye chule uja ali ndi bambo ake."

Dzulo tinapita kuofesi. Mayi wa magalasi anachotsa chithunzi chachikulu pakhoma nachigoneka patebulo pafupi ndi chathu. Mitambo ndi yomweyo. Mbendera yapindika chimodzimodzi. Bambo wa chipewa wakweza dzanja lomwelo. Mayiyo anawerama nthawi yaitali pa udzu wanu, kenaka anatiitana. Pali chitsotso chimodzi cha udzu chimene chabwerezedwa katatu, masamba ake ofanana ngati ana amapasa. Anati zaka zonsezi wakhala akudutsa pamenepo tsiku ndi tsiku osachiona. Anavula magalasi napukuta m'maso.

Anapita nazo zonse ziwiri kwa abwana ake, ife tinadikira pabenchi. Atabwerako nkhope inali itagwa. Abwanawo akuti n'zoona, chimodzi mwa ziwirizi chinaseweretsedwa, koma ndi chiti? Mwina nyumbazo ndi zimene wina wawonjezera dzulodzuloli pofuna malo. Akuti buku, mapu ndi kalendala zikunena chimodzi, kapepala kathu kakunena kokha. Atatu kwa mmodzi. Sangakhotetse msewu chifukwa cha kapepala kopanda mwini.

Koma mayiyo anatimenyera nkhondo. Akuluakulu a misewu akhala pansi Lolemba pa 28, nthawi ya 9 koloko m'mawa. Avomera kuti ngati munthu amene anasaina kuseri kwa chithunzi abwera yekha, nanena pamaso pawo chimene anachita ndi m'mene anachichitira, amva. Akapanda kubwera, Lachitatu mathirakitala alowa. Chosainidwa chija, chimene ndinkachitemberera, ndi chimene chikusonyeza kuti ndinu mwini ntchito. Ndachisunga.

Ndinafunsa ngati angakumangeni. Akuti ayi, munali wantchito wotumidwa. Ndinati maso anu saona. Akuti sakufuna maso anu, akufuna pakamwa panu. Ngati kaburashi kaja ndi galasi lokulitsa zikadali m'bokosi, mutenge, akufuna aone.

Sindikunamizani, Bambo, si onse amene akulandireni bwino. Mayi wa makala wapeza nyumba ya amayi ake m'chithunzimo, yachisanu ndi chiwiri. Sanandipepese, koma lero m'mawa ndapeza ndowa yodzadza madzi pakhomo panga, chogwirira chake chili ndi zala zamakala. Akuti mukafika ali nanu mawu, ndipo pakamwa pake ndi pakuthwa. Muwamve mawuwo. Mukuti mulibe nkhope yoonetsa anthu amene munawafafaniza. Atelala akuti ndikuuzeni kuti iwo akubwera kudzatenga munthu amene anawasungira bambo awo zaka makumi anayi. Onsewo ndi inu, wofafaniza ndi wosunga. Jekete lanu likakhala lakutha musade nkhawa, atenga singano.

Chithunzi mwati ndikubwezereni. Sindichitumiza. Sindichipatsa atelala, sindichipatsa basi. Achemwali ananena okha kuti makani ndinatengera kwa amayi. Amayi ali kuno kwawo, ndawaika pashelefu pamwamba pa bedi la mwana, akuyanika nsalu yawo. Mukawafuna mudzawatenge nokha, ndidzakuikirani chala pamene aima.

Mlatho umenewu munauwoloka kale kamodzi kudzaona ngati kuno kuli munthu. Alipo, Bambo. Ali ndi mano awiri ndi chifuwa, ndipo agogo ake sanamunyamulepo. Madzi akumwa muwapeza, ndakusungirani a m'ndowa ija.

Basi ya Lolemba musaidikire, imafika masana, zonse zitatha. Nyamukani Lamulungu m'mawa ndi atelala, achemwali akugwireni dzanja pokwera. Ine ndikhala ndili padepoti kuyambira basi yoyamba, mwana kumsana. Chonde Bambo, bwerani. Bwerani msanga.

Mwana wanu,
mzime.